Impso ya mlongo wawo ndi mawanga a pamwendo

Lolemba m'mawa kuchipatala chathu kuno ku Angónia kunabwera bambo wina, mlimi wa kachewere wa cha ku Tsangano. Anapinda buluku n'kundionetsa mawanga akuda bii pamwendo, phazi litatupa. Ndagwira ntchito kuchipinda cha TARV, komwe timapereka ma ARV kwa anthu omwe ali ndi HIV, zaka zambiri, choncho mtima unangoti: khansa ya Kaposi iyi. Titayeza magazi, HIV analibe. Tinabwereza, chimodzimodzi.

Akazi awo ndiwo anamasula chitenje n'kutulutsa mankhwala: tacrolimus, mycophenolate, prednisolone. "Amayi, bambowa anawaika impso ku India. Inachokera kwa alongo awo." Ine ndinali nditathamangira kuyeza magazi ndisanafunse zomwe amamwa, ndipo zinandipweteka mumtima.

Lachiwiri ndinaimbira foni dokotala wa ku Tete, tinakambirana nthawi yaitali. Khansa ya Kaposi imayamba ndi kachilombo kotchedwa HHV-8, kamene Yuan Chang ndi Patrick Moore anakatulukira mu 1994. Kuno kwathu ambiri amakatenga ali ana, makamaka kudzera m'malovu, ndipo kamangogona m'thupi moyo wonse. Mankhwala a bambowa amafooketsa chitetezo cha m'thupi mwadala, kuti thupi lisakane impso yachilendo. Alonda akagona, kachilombo kaja kamadzuka. Ife tinazolowera kuti wogonetsa alonda ndi HIV yekha.

Dokotalayo anandiuza kuti ndiwaone khungu lonse. M'manja munali njerewere zambirimbiri, ntchito ya kachilombo kena, HPV. Anthu oikidwa chiwalo amadwala khansa ya pakhungu yotchedwa squamous cell kuwirikiza makumi angapo kuposa anzawo. Kwa azungu imakonda pomwe pamawomba dzuwa. Kwa ife a khungu lakuda imabisalanso malo obisika, komwe mwamuna wamkulu safuna kuonetsa namwino wamkazi. Ndinaitana mnzanga wamwamuna kuti awaone kumeneko. Ndinawauzanso za chipewa chachikulu ndi malaya a manja aatali, chifukwa dzuwa la kumapiri kuno limanamiza: kunja kukuzizira, khungu likupsa.

Lachitatu ndi Lachinayi anali malungo, sikelo ya ana, ndi mayi wochira usiku.

Lachisanu bambo aja anabwera kudzatenga kalata yopitira ku Tete, komwe akadule kanyama ka pamwendo kuti akakapime. Tikucheza, anaulula kuti masiku awiri sanamwe mankhwala. Anamva ine ndikunena kuti mankhwalawo ndiwo adzutsa kachilombo, ndiye anaona kuti kusiya ndiko kuchira. M'mimba mwanga munazizira. Ndinakoka mpando n'kukhala pafupi nawo.

"Bambo, mukasiya nokha impso ya alongo anu ifa. Wochepetsa mankhwala ndi dokotala wanu wa impso basi. Alipo ena, sirolimus, amene angakusinthireni, ndipo kwa odwala ena mawangawa amafota nawo."

Anamwera pomwepo, madzi ndinawatungira ine. Kenako ndinaimbiranso dokotala uja kuti akawayeze impso tsiku lomwe afike.

Akutuluka, akazi awo anatsalira pakhomo. Anati kumudzi anthu aona mwendowo ndipo ayamba kale kunong'ona, apongozi awo sakudyanso nsima yawo. Anapempha pepala la zotsatira za magazi. Ndinawaitananso bambo aja, iwo anavomera, ndipo ndinalidinda chidindo n'kuwapatsa mayiwo m'manja. Analipinda kanayi n'kulimanga pamfundo ya chitenje pamodzi ndi mankhwala.