Mwana wasaina, zikomo nonse

Abale ndi anzanga, kuyambira Lachisanu ndakhala ndikufuna kulemba izi koma ndikangogwira foni misozi basi. Mnyamata wanga wasaina kontirakiti yake yoyamba ya hockey! Inu akumudzi amene mumandifunsa ngati ndi hockey ya pakapinga ija, ayi, iyi ndi ya pa ayezi ya kuno ku Canada.

Ndi kontirakiti ya ongoyamba kumene, ya zaka 3, chifukwa mu NHL, ligi yaikulu ya hockey kuno, wosaina ali ndi zaka 18 mpaka 21 amapatsidwa zaka zitatu. Ejenti wake anatikhazika patebulo kukhitchini mpaka tiyi kuzizira, kutifotokozera kuti malipiro ali pawiri, akasewera mu NHL ndalama zina, akamutsitsira ku AHL, ligi yapansi pake, zimatsika kwambiri. Tamva, ndipo tavomera ndi mtima wonse, chifukwa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu a NHL amasankhira osewera achinyamata, inamudutsa kawiri, maraundi 7 onse, ife tili pa TV kudikira dzina lomwe silinatchulidwe.

Koma chimene chinandipweteka kwambiri si draft ayi, ndi sizoni yathayi. Itafika Januwale akuluakulu a timu yake ya junior, ligi ya achinyamata, anasinthanitsa osewera abwino pafupifupi onse ndi ma pick (mwayi wosankha osewera atsopano) a zaka zam'tsogolo, kusiya ana kuti azingogonja poti timu yotsalira kumunsi ndiyo imakhala ndi mwayi wosankha koyambirira, kuno amati tanking. Iwo amawerengera zaka zitatu zikubwerazo, nanga mwana wa zaka 20 amene iyi ndi sizoni yake yomaliza ku junior? Usiku wina anandiimbira ali m'basi, atachinyidwa gemu yachisanu ndi chiwiri motsatizana, mawu ake ali pansipansi, akuti amayi ma scout, anthu osakira matimu osewera aja, asiya kubwera. Ndinalibe chomuyankha.

Ndipo si za ku junior kokha. Mu 2015 mu NHL masapota a Buffalo anasangalalira timu yawo yomwe itagonja ndi Arizona pakhomo, kufuna pick yoyamba kuti atenge katswiri wachinyamata Connor McDavid, mapeto ake lotale ya pick yoyambayo inagwera timu ya Edmonton. Ine ndimangoganiza za anyamata amene anali pa ayezi tsiku lija kumva anthu awo akuombera m'manja chigoli cha adani. Ligi ya azimayi ya PWHL ndiye inaganiza bwino, kumeneko timu ikataya mwayi wofika mu playoff, magemu olimbirana chikho, imapeza pick yoyamba popambana magemu otsalawo, osati pogonja. Bwenzi onse atatengera zimenezo.

Tsopano ndithokoze. Banja limene linkamusunga kutali ndi ife, mayi aja ankamudikira ndi chakudya chotentha basi ikafika 3 koloko m'mawa, Mulungu akudalitseni, munamutenga ngati wobala nokha. Kochi wothandizira amene ankatsala naye pa ayezi anzake atapita, n'kumatumiza mavidiyo ake kwa ma scout popanda womutuma, ndilibe mawu. Amayi anzanga a kutchalitchi amene munasonkha ndalama ndodo zake zitathyoka ziwiri sabata imodzi, bambo ake ali pa ulova, sindidzaiwala envulopu ija. Achimwene ku Lilongwe amene munkadzuka pakati pa usiku kufunsa zotsatira za masewera omwe simunawaonepo ndi maso. Ndi agogo ake ku Dedza, amene sadziwa n'komwe puck, kachimbale kamene amamenya ndi ndodo, koma tsiku lililonse la gemu ankagwada kumupempherera, dzulo titawauza pafoni analulutira mpaka oyandikana nawo kubwera kudzafunsa.

Kampu iyamba mu Seputembala. Ma skate wanoletsa kale, chikwama chili pakhomo, ndipo wandiuza kuti ndimupakire ufa pang'ono.