Atelala a pa Mponela Atisiya

Bambo amene anaveka anthu a pa Mponela ndi midzi yozungulira kwa zaka zoposa 40 atisiya mwezi watha, atadwala kwa nthawi yochepa. Tonse tinkangowatchula kuti Atelala, ngakhale kuti panali patapita zaka zambiri chisiyireni kupalasa makina osokera, ndipo m'nkhani ino ndiwatchula motero. Ndikulemba chifukwa anthu otere salembedwa m'nyuzipepala, pamene moyo wa tauni yaing'ono umatsamira pa iwo kwambiri kuposa pa akuluakulu amene amangofika pa nthawi ya misonkhano.

Anayamba ntchito ali mnyamata, akusoka pakhonde pa sitolo ya Mmwenye, monga ankachitira atelala ambiri masiku amenewo. Munthu ankagula nsalu m'kati n'kutuluka nayo pakhonde, telala n'kumuyeza pomwepo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera akumidzi ndi m'matauni ang'onoang'ono akachite malonda awo m'mizinda ikuluikulu, kuti Amalawi atenge malo awo. Masitolo ambiri anatsekedwa osatsegulidwanso, chifukwa amene anawatenga analibe mpamba wokwanira ndipo sankadziwa kooda katundu. Atelala anali atakhala pakhondepo zaka zambiri akuona nsalu imene imayenda malonda ndi imene imangokhala pashelefu, choncho atalowa m'sitolo ndi mipukutu yochepa ya nsalu za ku David Whitehead, fakitale ya ku Blantyre, ankadziwa kale zimene anthu a ku Dowa amafuna.

Sitolo yawo sinali yaikulu. Munali kauntala ya matabwa, ndodo yoyezera mayadi, sizasi yaikulu imene palibe wina aliyense ankaloledwa kuigwira, ndiponso mashelefu ofika kudenga odzaza ndi kaki, bafuta, zitenje, mabulangete ndi malaya a mikono yaitali. Mtengo ukatchulidwa unali womwewo, sankanenerera, ndipo ambiri ankadandaula kuti bambowa ndi ouma mtima. Komabe wogula nsalu ya diresi ankatuluka ndi ulusi wa mtundu woyenera ndiponso mabatani ngati basela, ndipo nsalu ikakhala yosuluka pochapa ankanena wogulayo asanapereke ndalama. Pa nthawi imene lamulo la zovala la 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi oonetsa mawondo, atsikana ena ankafuna kugula nsalu yochepa kuti ndalama itsaleko, koma Atelala ankakana kudula nsalu yoperewera chifukwa sankafuna kuti mwana wa mnzawo akachititsidwe manyazi pamsewu.

Chimene ndimawakumbukira nacho kwambiri ndi mmene ankayendetsera ngongole. Mponela ndi dera la alimi, ndipo ndalama imaoneka fodya akayamba kugulitsidwa ku Kanengo cha mu Epulo, kenaka mtedza, soya ndi chimanga zikakololedwa. Kuyambira Disembala mpaka Malichi m'matumba mwa anthu mumakhala mopanda kanthu, koma ana amakulabe, sukulu zimatsegulidwa ndipo maliro sayembekeza zokolola. Atelala anali ndi buku lalikulu la chikuto cholimba, ndipo lamulo lawo linkadziwika kwa aliyense: yunifolomu ya mwana wasukulu ndi nsalu ya pa maliro ankakongoza popanda kufunsa zambiri, koma suti ya ukwati kapena diresi la Khirisimasi ankafuna ndalama pamanja. Chiwongoladzanja sankaika. Wolephera kubweza chaka chimenecho sankamuyalutsa pagulu, ankangomuitanira kuseri n'kugwirizana naye tsiku lina. Ndikaganizira za akatapila amene ankakongoza anthu omwewo n'kumafuna kuti abweze ndalama yoposa kwambiri imene anatenga, ndimaona kuti buku limene lija linapulumutsa mabanja ambiri ku umphawi woipitsitsa.

Banja lathu linali m'bukumo. Nditasankhidwa kupita ku sekondale, mayi anga ananditengera kusitoloko alibe ndalama yokwanira ngakhale malaya amodzi. Atelala anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, osatenga n'komwe tepi yoyezera, n'kunena kuti, "Mayi, mwanayu akula msanga, tiyeni timusiyire mpata m'miyendomu." Anauza telala amene ankasoka pakhonde lawo kuti apinde nsalu yambiri m'munsi mwa thalauza, ndipo mayi ankangomasula mpindowo pang'onopang'ono ine ndikamatalika. Ngongoleyo anabweza atagulitsa mtedza. Zaka zambiri zitapita, ine ndili kale pa ntchito, bambowa ankandifunsabe za thanzi la mayi anga asanandifunse chimene ndabwera kudzagula.

Za nsalu ya maliro ndinazimva kwa anthu ambiri. Zovuta zikagwa m'mudzi usiku, achibale ankapalasa njinga mpaka pa Mponela n'kukagogoda kunyumba kwawo, kumene kunali kuseri kwa sitoloyo, ndipo iwo ankadzuka ndi nyali n'kudula bafuta popanda kutchula za mtengo. Lamulungu sitolo inkakhala yotseka ngakhale wogula atabwera ndi ndalama zambiri motani, koma kwa anamfedwa chitseko chinkatsegulidwa tsiku lililonse.

Zinthu zinasintha kwambiri m'zaka za m'ma 1990. Malonda atamasulidwa, mabelo a kaunjika anasefukira m'misika, kwacha inagwa mphamvu kwambiri kuyambira 1994, ndipo nsalu zopangidwa m'dziko muno zinalephera kupikisana ndi zochokera kunja, mpaka fakitale ya David Whitehead inagulitsidwa kwa a Mapeto mu 2003. Malaya amene Atelala ankagulitsa ankapezeka pa tsiku la msika pa mtengo wotsika kwambiri, ndipo anzawo ambiri anasiya nsalu n'kuyamba kugulitsa sopo ndi shuga. Iwo sananyoze anyamata a kaunjika, chifukwa ankadziwa kuti mmphawi amene wapeza jekete yotentha pa mtengo umene angakwanitse wathandizika. Anangoyang'ana zimene sizingatuluke m'belo: mayunifolomu a sukulu zozungulira, zovala zoyera za amayi a Chigwirizano, zitenje zofanana za pa chinkhoswe ndi pa ukwati, ndiponso nsalu za makwaya. Miyendo itayamba kuvuta, mwana wawo wamkazi ndiye ankakwera basi kudutsa pa Songwe kukaoda zitenje ku Kariakoo mumzinda wa Dar es Salaam, koma posankha maluwa a zitenjezo mawu omaliza ankakhala a bambo ake.

Mu Novembala 2023, kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, amalonda ambiri anakweza mitengo usiku womwewo. Atelala anakana kukweza mtengo wa katundu amene anali kale m'sitolo, ndipo ana awo anakangana nawo kwambiri, ponena kuti ndalama imene apeze sidzakwanira kuodanso katundu wina. Pa masamu anawo ankanena zoona, ndipo mashelefu anakhaladi opepuka kwa miyezi ingapo. Ine ndimaona kuti bambowo sankachita zimenezi chifukwa chosadziwa malonda. Ankadziwa kuti ogula awo ndi omwewo chaka ndi chaka, ndipo munthu amene ukapemphera naye Lamulungu sungamugulitse pa mtengo watsopano nsalu imene iwe unagula pa mtengo wakale.

Pa maliro panafika alimi, aphunzitsi opuma ntchito, amayi a Chigwirizano ambiri atavala zoyera zimene anagula kwa iwo, ngakhalenso anyamata a kaunjika. Monga mwa mwambo wathu, woyankhula m'malo mwa banja anapempha kuti amene malemu anali nawo ngongole, kapena amene anali ndi ngongole kwa malemu, akaonane ndi achibale. Anawonjezera kuti ngongole zonse za nsalu ya maliro banja lazikhululukira, monga bambowo analamulira asanatsikire kuli chete, ndipo za mayunifolomu anthu adzabweza akakolola.

Sitolo yatsegulidwanso ndipo ikuyendetsedwa ndi mwana wawo wamkazi uja. Tsopano amalandira ndalama kudzera pa Airtel Money ndi Mpamba, ndipo zithunzi za zitenje zatsopano amatumizira magulu a amayi pa WhatsApp. Vuto lalikulu limene akulimbana nalo ndi kusowa kwa ndalama zakunja, kumene kwachititsa kuti ulendo wa ku Dar es Salaam ukhale wodula kwambiri kuposa kale. Anandiuza kuti akuganiza zochepetsa mabulangete ndi nsapato kuti mpamba upite ku nsalu, koma ngongole ya yunifolomu ndi ya bafuta apitiriza kupereka monga ankachitira bambo ake.