Filimu ikasiya zina za m'buku

Amene amatuluka mu holo ya kanema akudandaula kuti "m'buku sizinali chonchi" amanena zoona, koma chovuta ndi nthawi. Tsamba limodzi la sikiripiti (zolembedwa zimene amatsatira pojambula filimu) limatenga pafupifupi mphindi imodzi, ndiye filimu ya maola awiri ndi masamba 120 okha, pamene mabuku ambiri a nthano zamatsenga amapitirira masamba 400. Choyamba kudulidwa ndi zimene munthu akuganiza mumtima, poti kamera singazijambule. Kenako anthu awiri amaphatikizidwa kukhala mmodzi. Mu filimu ya The Fellowship of the Ring ya 2001, wotsogolera filimuyo Peter Jackson sanaikemo Tom Bombadil, mmodzi wa otchulidwa m'bukulo, ndipo owerenga ena zimawawawabe. Chondiwawa ine ndi pamene adula malamulo a matsengawo: wosawerenga bukulo amangoona ngwazi yapambana, osadziwa kuti yapambana bwanji.