Apongozi anapulumutsa kachere wanga

Zaka zinayi zathunthu ndinakhala ndikulimbana ndi kamtengo kamodzi ka kachere kuti kasakule. Anzanga kuno ku Area 25 ankati mutu wanga sukuyenda bwino, koma luso limeneli lili ndi dzina lake, bonsai. Linayambira ku China n'kudzatchuka ku Japan. Umatenga mtengo wabwinobwino n'kuudzala m'kambale kosazama, koboola pansi. Nsonga umatsina, nthambi umazikulunga ndi waya wa kopa n'kuzipinda mmene ukufunira, ndipo wayayo umamuchotsa asanadye khungwa. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu umauzula, kudulako mizu, n'kuubwezera m'dothi latsopano. Wangayo anali masentimita 30 okha, koma thunthu lake lopindika ngati nkhalamba ya ndodo. Ndinkamunyadira kuposa njinga yanga.

Mu Ogasiti ndinapita ku Mzuzu kukagwira ntchito milungu itatu. Ndili komweko apongozi anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona chidzukulu. Pobwera ndinawapeza ali pamphasa akusenda mbatata. Ndinanjuta chapatali, moni anatha bwinobwino.

"Bambo, kamtengo kanu kaja ndakapulumutsa."

Mtima unangoti phwii. "Kanatani kodi, amayi?"

"Kanali kufa! Kachere kwathu mfumu imaweruzira milandu pansi pake, inu mwamupanikiza m'mbale ya ndiwo. Ndiye kumumanga mawaya ngati wakuba wogwidwa pamsika. Poyamba ndinkayesa mukukhwima, moti ndinayamba ndapemphera ndisanamugwire."

Anandilondolera kuseri kwa nyumba. Kachere wanga anali m'dzenje, pafupi ndi khoma, atathiridwa manyowa a nkhuku chidebe chonse. Waya uja anali atamangira chogwirira cha poto.

"Ndipo kambale kaja anakuberani, bambo. N'kobooka pansi. Ndaikamo mazira."

Mkamwini satsutsana ndi apongozi, ichi ndinaphunzira ndisanakwatire. Ndinawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo amayi, mwagwira ntchito." Mayi akunyumba anathawira kukhitchini atatseka pakamwa ndi chitenje, koma mapewa ankawaulula.

Ndinadzitonthoza kuti akangokwera minibasi ndimuzula n'kumubwezera m'mbale. Sanakwere. Anakhala mpaka mvula yoyamba ya Novembala, m'mawa uliwonse akuthirira ndi madzi otsukira mbale, kwinaku akumuyankhula, "Kula mwanawe, mavuto ako anatha." Naye kachere wosayamikayo anamvera. Zonse zimene ndinamuphunzitsa zaka zinayi anaziiwala. Masamba amene ndinavutikira kuti akhale ang'onoang'ono anatambasuka, nthambi zinaloza kumwamba, pano wandifika m'chiuno.

Amene amamudziwa kachere akudziwanso mizu yake, imasaka madzi mpaka kung'amba khoma ndi mapaipi. Eni nyumba anabwera, anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anandifunsa ngati ndikufuna kutsegula bwalo la milandu pamalo pawo. Andipatsa mpaka kutha kwa mwezi. Koma Lamlungu lililonse apongozi amaimba foni kupempha chithunzi chake pa WhatsApp, ndipo amafuna mdzukulu wawo aime pambali kuti aone amene akukula msanga.

Ndayamba kena mwakachetechete, kamlambe. Ndikukabisa padenga la bafa, kuseri kwa thanki. Dzulo mayi akunyumba andiuza kuti apongozi akubweranso pa Isitala, ndipo afunsa ngati tili ndi makwerero, akufuna kudzayanika chinangwa padenga.