Zitsime 22 za ku Rameswaram: momwe ndimayendera kuchokera m'nyanja mpaka kwa Ramanathaswamy

Ku Rameswaram, pakachisi wa Ahindu wa Ramanathaswamy (dzina la mulungu Shiva kumeneko), zinthu zili ndi ndondomeko yake: nyanja kaye, kenako zitsime, kenako zovala zouma, ndipo pomaliza m'pamene mumalowa kumene kuli mulungu. Mukasokoneza ndondomekoyi alonda amakubwezani pakhomo nsalu ikuchucha madzi, ndipo mzere umene munaima kwa ola lathunthu mumakauyambiranso kumchira.

Tawuniyi ili pachilumba cha Pamban, kum'mwera kwenikweni kwa India m'chigawo cha Tamil Nadu, moyang'anizana ndi Sri Lanka. Ine ndimadzera ku Madurai, kumene kuli bwalo la ndege lapafupi, mtunda wa makilomita pafupifupi 170. Basi imaoloka pamlatho wa galimoto womwe unatsegulidwa mu 1988. Sitima inkaoloka pamlatho wakale wa 1914, wotalika makilomita awiri, koma tsopano imadutsa pa watsopano umene unatsegulidwa mu April 2025. Ndisanagule tikiti iliyonse ndimayang'ana kaye mwezi. Tsiku limene mwezi uli mumdima amalitcha Amavasya, ndipo ndi tsiku lopereka nsembe kwa makolo amene anamwalira. Atatu mwa masiku amenewa gombe limadzaza moti poponda pamasowa: la Thai (January kapena February), la Aadi (July kapena August) ndi la Mahalaya (September kapena October). Ngati simukupitira mwambo wa makolo, pewani masikuwa. Mvula yambiri imagwa kuyambira October mpaka December.

Malo ogona ndimafuna apafupi ndi chipata cha kum'mawa cha kachisi, oti n'kuyenda wapansi, chifukwa kuchipinda ndimabwererako ndili wonyowa. Foni, kamera, lamba wachikopa ndi nsapato zimatsala komweko. Mafoni saloledwa m'kachisi, ndipo ngakhale akanaloledwa, ndowa 22 za madzi pamutu sizingaisiye yamoyo. Ndimangonyamula ndalama zing'onozing'ono m'kajumbo komanga bwino, ndi zovala zosinthira m'jumbo ina ngati kuchipinda kuli kutali.

Pali mwambo umodzi umene umabwera madzi a m'nyanja asanakukhudzeni. Cha m'ma 5 koloko m'mawa ansembe amaonetsa Spatika lingam, kamwala koonekera mkati ngati galasi, komwe mbiri ya pakachisipo imati kanaperekedwa ndi mphunzitsi Adi Shankara. Lingam ndi mwala woimirira wobulungira pamwamba, chizindikiro cha Shiva. Amakaonetsa kwa ola limodzi lokha, tikiti yake ndi yapadera, ndipo mzere umayamba kusanache. Uku mumapita mutasamba kuchipinda ndi kuvala zouma. Ndikatuluka m'pamene ndimatsikira kunyanja.

Gombelo limatchedwa Agni Theertham, ndipo lili kuyenda mphindi zochepa kuchokera pachipata cha kum'mawa. Theertham ndi madzi opatulika. Nyanja pamenepa ndi yabata, yosaya, mafunde ake ngati a padziwe. Anthu amalowa ndi zovala, amayang'ana kotulukira dzuwa, n'kumira mutu wonse katatu. Pamchenga pamakhala mabanja atazungulira wansembe, akuumba timibulu ta mpunga ndi chitowe za makolo awo. Musawadutse pakati. Ndimapondanso mosamala chifukwa ena amavula nsalu zakale n'kuzisiya m'madzi momwemo, ndipo zimakola miyendo.

Kuchoka apo ndimapita ndili chinyowere kukagula tikiti ya zitsime. Mtengo wake ndi wochepa ndipo walembedwa pawindo. Musanafike pawindopo mumakumana ndi anyamata onyamula ndowa ndi chingwe, okuuzani kuti akuyendetsani zitsime zonse mwachangu pa mtengo wochuluka kangapo. Kwa nkhalamba kapena banja la ana aang'ono nthawi zina zimathandiza, bola mugwirizane mtengo musanayambe, ndipo mufunse ngati ndi wa munthu mmodzi kapena wa gulu lonse, chifukwa mkangano umabukira pamenepo. Munthu wamphamvu zake safunika zimenezi. Pachitsime chilichonse pamaima kale wotunga, amaponya kandowa kachitsulo, amakakoka kawiri katatu, n'kukhuthulira pamitu ya amene aweramira patsogolo pake. Inu simutunga nokha.

Zitsimezo zilipo 22, ndipo okhulupirira amati zikuimira mivi 22 ya m'phodo la Rama, mulungu amene nthano za Ahindu zimati anakamenya nkhondo pachilumba cha Lanka. Choyamba ndi Mahalakshmi Theertham, chomaliza ndi Kodi Theertham. Pakati pali za mayina a mitsinje, Ganga ndi Yamuna, za dzuwa ndi mwezi, Surya ndi Chandra, komanso za Nala ndi Nila, anyani amene nthano imati anatsogolera ntchito yomanga mlatho wopita ku Lanka. Sizinandandalike pamzere umodzi. Zina zili pabwalo, zina zabisala pakona ya khonde, choncho ndimatsata manambala ndi mivi yolozera, osati khamu, poti khamu nthawi zina limadumpha chitsime osadziwa. Chodabwitsa n'chakuti zitsime zoyandikana chonchi, pachilumba chozingidwa ndi madzi amchere, sizifanana kukoma: china chamchere pang'ono, china chozuna ngati cha kumtunda. Kadontho kofika pamlomo kakukwanirani kuti mumve kusiyanako, musachite kumwa ngati m'mimba mwanu simunazolowere madzi a kumeneko. Pa tsiku wamba ulendo wonsewu umatenga pafupifupi ola limodzi.

Ngozi yeniyeni ndi pansi. Miyala yake yapondedwa zaka mazanamazana, ndi yosalala, ndipo imakhala yonyowa tsiku lonse. Ndimayenda timasitepe tating'ono, phazi lonse pansi, osathamangira kuti ndipitirire wina. Amayi asankhe nsalu yokhuthala ya mtundu wakuda, chifukwa yopyapyala yoyera ikanyowa imaonetsa thupi. Mandala a m'maso ndi bwino kuwamangirira kachingwe.

Mukatha Kodi Theertham mumasintha. Malo osinthira alipo, a amuna paokha ndi a akazi paokha, koma amadzaza ndipo pansi pake ndi madzi okhaokha. Mwambo umati musasambenso ndi sopo mukachoka kuzitsime, mungodzipukuta. Amuna amavala dhoti, nsalu yoyera yokulunga m'chiuno, kapena buluku lalitali. Akazi amavala sari kapena diresi lalitali lokhala ndi buluku mkati. Kabudula salowa.

Apa ndinene mosabisa za amene si Mhindu. Makachisi a ku Tamil Nadu salola munthu wa chipembedzo china kupitirira mlongoti wa mbendera umene amautcha kodimaram, ndipo mu January 2024 khoti lalikulu la Madras, nthambi ya ku Madurai, linalamula kuti zikwangwani zonena zimenezi ziikidwe. Funsani ku ofesi ya kachisi musanagule tikiti kuti mudziwe pamene mukalekezere. Kunamizira kuti mulowe ndi kunyoza eni malo.

Mkati muli ma lingam awiri, ndipo amene simukudziwa nthano yake mungadabwe chifukwa chake ansembe amayambira pa wam'mbali. Nthanoyo imati Rama atapha Ravana, mfumu ya ku Lanka, n'kupulumutsa mkazi wake Sita, anatsala ndi mlandu, pakuti Ravana anali wa mtundu wa ansembe wotchedwa Brahmin, ndipo kupha munthu wotere ndi tchimo lolemera kwambiri. Anzeru anamulangiza kuti aimike lingam apembedze Shiva. Anatuma Hanuman, mulungu wa nkhope ya nyani, kukatenga mwala kuphiri la Kailash. Hanuman anachedwa, nthawi yabwino ya mwambo inali kutha, ndiye Sita anaumba lingam ndi mchenga wa pagombe. Hanuman pofika ndi mwala wake anapeza mwambo watha. Zinamuwawa. Anakulunga mchira wake pa lingam wamchengayo kuti amuzule, koma sanasunthe ngakhale pang'ono. Pomutonthoza, Rama anaimika mwala wa Hanuman pambali n'kulamula kuti uzipembedzedwa poyamba. Mpaka lero Vishwalingam wa Hanuman ndiye amayamba kulandira nsembe, kenako Ramalingam wa Sita. Nanenso ndimatsata momwemo, ndipo ndikachoka apo ndimapita kwa Parvathavardhini, mkazi wa Shiva, amene ali ndi chipinda chake.

Pamaso pa Ramalingam simukhalitsa. Chipindacho ndi chamdima, chowala ndi nyale za mafuta zokha, ndipo mzere umakukankhani pakangopita timphindi. Wansembe amabweretsa mbale ya lawi, mumayandikiza zikhatho n'kuzigwiritsa kumaso, ndipo amakupatsani vibhuti, phulusa loyera lopaka pamphumi. Landirani ndi dzanja lamanja. Mudzaona ena atanyamula timiphika tamkuwa totseka pakamwa. Amenewo ndi madzi a mtsinje wa Ganga. Ulendo wathunthu wa Mhindu wodzipereka umayambira pano, kutenga mchenga wa pagombe, kukauthira mu Ganga ku Prayagraj, kukapembedza ku Varanasi, n'kubwerera ndi madzi odzathira pa lingam uyu. Madziwo mumapereka kwa ansembe mutadula tikiti yake, iwo ndiwo amathira. Kachisiyu ndi mmodzi mwa ma Jyotirlinga 12, malo opatulika kwambiri a Shiva, komanso ndi ngodya ya kum'mwera ya Char Dham, malo anayi opatulika a kumbali zinayi za India, pamodzi ndi Badrinath kumpoto, Puri kum'mawa ndi Dwarka kumadzulo.

Ambiri akalandira phulusa amathamangira kunja, ndipo amaphonya chimene ine ndimachiona chokongola kuposa zonse: khonde lachitatu, lakunja, la nsanamira 1,212, lalitali kuposa la kachisi wina aliyense wa Ahindu mu India. Linamalizidwa m'zaka za m'ma 1700 ndi mafumu a Sethupathi a ku Ramanathapuram, amene dzina lawo limatanthauza osunga mlatho wa Rama. Chipinda chamkati n'chakale kwambiri, ndipo mbiri imatchula Parakramabahu, mfumu ya ku Sri Lanka ya m'zaka za m'ma 1100, kuti anathandiza kuchimanga. Imani pakona imodzi muyang'ane kutsogolo: nsanamira zimanka zichepa mpaka kuthera pakadontho ka kuwala, denga lili ndi maluwa ozungulira opakidwa utoto wowala. Poyenda muzizungulira kachisi ali kudzanja lanu lamanja. Zitseko amatseka cha m'ma 1 koloko masana n'kutsegulanso cha m'ma 3, choncho zonsezi zithe m'mawa.

Masana ndimapita ku Dhanushkodi, makilomita pafupifupi 20, kumene chilumba chimathera ngati nsonga ya singano. Nthano imati apa m'pamene panayambira mlatho wa Rama, ndipo m'nyanjamo mulidi mzere wa michenga ndi miyala wolunjika ku Sri Lanka. Panali tawuni ya doko ndi siteshoni ya sitima mpaka usiku wina mu December 1964, pamene namondwe anaisesa yonse n'kukokolola sitima yapamtunda yonyamula anthu oposa 100. Chatsala ndi makoma a tchalitchi ndi a siteshoni, ataima mumchenga. Panjira pali kachisi wa Kothandaramaswamy amene anapulumuka namondweyo, pamalo pomwe amati Vibhishana, mng'ono wake wa Ravana, anadzipereka kwa Rama. Kunsongako musasambe, madzi amakoka mwamphamvu, ndipo apolisi amabweza anthu dzuwa lisanalowe, choncho uzani woyendetsa galimoto akudikireni pomwepo.