Njinga ya amalume inatsala pamsewu

Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, akhala akuwotcha makala kuyambira ine ndili ku pulayimale. Amakhala kumtunda, njira ya ku Namwera. Kawiri pa sabata ankadzuka tambala asanalire, kumanga matumba atatu panjinga, n'kutsika chitunda cha Chowe atafinya mabuleki mpaka manja kuchita dzanzi. Dzuwa likamatuluka amakhala atawoloka kale mlatho wa Bakili Muluzi, akugogoda m'makomo pa boma la Mangochi.

Mwezi wathawu okhwimitsa lamulo la nkhalango anawalanda njinga ndi matumba onse panjira. Anafika kwathu wapansi, malaya ali bii. Tinakhala pakhonde, mkazi wanga akuphika nsima pambaula, makala ake ogula kwa munthu wina wonga iwo omwe.

“Mphwanga, usaganize kuti sindikuona,” anatero. “Kale ndinkadula mitengo kuseri kwa nyumba, lero ndimayenda maola awiri kuti ndipeze mtondo umodzi. Koma ndikasiya, ana akadya chiyani?”

Sindikuikira kumbuyo kudula mitengo. Aliyense amene amadutsa kufupi ndi nkhalango za Namizimu kapena Phirilongwe amaona yekha mmene mapiri akuyerera. Mvula ikagwa, dothi limatsetsereka kulowa m'nyanja ya Malombe ndi mumtsinje wa Shire, ndipo matope omwewo amakasokoneza makina a magetsi ku Nkula. Namondwe Freddy atabwera mu 2023 tinaona zimene phiri lopanda mitengo limachita kwa anthu okhala mmunsi. Makala opangidwa motere ayenera kutha ndithu.

Chimene chikundiwawa n'chakuti mtolo wonse wa kusinthaku tauika pamutu pa munthu wosauka kwambiri pa mzere wonsewo. Mu 2020 lamulo la nkhalango linasinthidwa, zilango za wowotcha makala popanda chiphaso zinakwera. Nanga wogula? Wogula ndi ine, mphunzitsi wa pa boma, ndi anzanga ogwira ntchito m'maofesi, ndi amayi ophika m'malesitilanti. Ndondomeko ya boma ya makala ya mu 2017 imanena kuti mabanja oposa 97 pa 100 alionse m'Malawi muno amaphikira nkhuni kapena makala. Ngakhale ife amene tili ndi magetsi m'nyumba sitingatayiretu mbaula. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankangothimathima. Nthawi imeneyo amalume ankagulitsa matumba onse asanafike n'komwe kumsika. Gasi ndi wabwino, sindikana, koma kugula silinda ndi chitofu pakamodzi, makamaka kwacha itatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, si zotheka kwa mabanja ambiri amene ndimawadziwa.

Kunyanja nako nkhani ndi yomweyi. Amayi owamba nsomba ku Makawa ndi ku Msaka amafuna nkhuni tsiku lililonse, ndipo ukawauza kuti asiye, uwauzenso kumene akapeze ng'anjo yosadya nkhuni zambiri ndi amene alipire.

Ndikamapita ku Dedza ndimadutsa pa Golomoti, pomwe pali munda wa sola wa mamegawati 20. Ndimasangalala kuuona, chifukwa dzuwa la kuno ndi chuma chimene takhala tikungochiyang'ana. Koma munthu wa zaka makumi asanu amene analekeza sukulu sitandade 4 sadzalembedwa ntchito pamalo ngati amenewo. Ntchito zatsopano zikupita kwa anthu ena, pomwe ntchito yakale ikulandidwa kwa ena.

Komatu amalume si munthu wopanda luso. Amadziwa mtengo uliwonse ndi dzina lake, amadziwa chitsa chimene chiphukenso ndi chimene chafa, amadziwa kumanga uvuni woti usapsereze. Munthu wotere ndiye woyenera kulipidwa kuti asamale nazale, alondere mphukira, alambule njira zotchinga moto m'nkhalango. Ndikunena malipiro enieni a mwezi ndi mwezi. Tisheti ndi fanta pa tsiku lodzala mitengo sizidyetsa banja. Ngati lamulo likuloleza makala a chiphaso ochokera ku mitengo yodzala, ndiye magulu a m'midzi athandizidwe kudzala nsungwi ndi mitengo yokula msanga, chiphaso achipeze pafupi ndi pamtengo woti angakwanitse, ndipo pa zaka zimene mitengoyo ikukula akhale ndi chodya. Ndalama za kusintha kwa nyengo zimene timazimva pawailesi zikafike mpaka kumudzi kwa amalume, ndipo pokonza mapulaniwo owotcha makala akhale nawo pamsonkhano, alankhule okha.

Usiku umenewo anagona kwathu. M'mawa ndinawapatsa ndalama ya minibasi ndi kathumba ka ufa. Ndinawapempha kuti akhaleko masiku angapo apume, koma anakana. Anasiya uvuni wina ukufuka utsi kuphiri, umayenera kufukulidwa Lachinayi, ndipo anali atagwirizana kale ndi mnzawo kuti abwereke njinga.