Mmene ndinachotsera mpweya m'rediyeta ya Probox yanga

Nditakhutula coolant (madzi oziziritsa injini) wakale m'Probox yanga n'kuthira watsopano, galimoto inayamba zachilendo. Pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, muvi wa geji yoonetsa kutentha kwa injini unkakwera kenako n'kutsika wokha. Hita inkatulutsa mphepo yozizira, ndipo kuseri kwa dashibodi kunkamveka madzi ali khuvukhuvu. Zitatuzi zikabwera pamodzi, ndiye kuti mpweya watsekeredwa m'njira za madzi. Pamene pakhala mpweya madzi safikapo, choncho chitsulo cha injini pamalopo chimangopsa.

Ntchitoyi ndinaigwira m'mawa, injini itagona usiku wonse. Chonde musatsegule chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha. Madzi amakhala atapanikizika, ndipo kuno ku Dedza, pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, madzi osapanikizika amawira pa madigiri 95, osati 100. Mukangotsegula amathovoka n'kukuwaulani nkhope.

Ndinaimika galimoto pachitunda, mphuno kumtunda, kuti pakamwa pa rediyeta pakhale pamwamba kuposa pena ponse, poti mpweya umathamangira kumwamba. Ndinakoka handibuleki, n'kuika mwala kutayala. Fanulo ndinapanga podula botolo la Sobo, n'kukulunga tepi kukhosi kwake kuti likhale thina pakamwa pa rediyeta. Hita ndinaipotokolera kotentha mpaka kumapeto, fani yake pang'ono chabe. Kenako ndinathira coolant wosakaniza kale ndi madzi theka ndi theka, pang'onopang'ono, kwinaku ndikufinya paipi yapamwamba ya rediyeta. Madzi a pamjigo ayi, amasiya zoyera zija zimene zimatseka timapaipi ta rediyeta.

Ndinaliza injini n'kuisiya ikulira yokha. Apa mpamene pamafunika mtima. Thermostat ya injini iyi, kavalavu kotsegulira madzi njira yopita m'rediyeta, imayamba kutseguka pa madigiri 82, ndipo ndi chisanu cha kwathu kuno imachedwa kufika pamenepo. Isanatseguke, madzi amangozungulira m'injini ndi m'hita, osadutsa m'rediyeta, ndiye mpweya wambiri umakhala udakali m'kati ngakhale fanulo ikuoneka yodzaza. Ndinkagwiragwira paipi yam'munsi, dzanja kutali ndi fani ndi lamba. Inali zii kwa nthawi yaitali, kenako inafunda mwadzidzidzi. Nthawi yomweyo madzi a m'fanulo anatsika, thovu lalikulu n'kutuluka. Ndinaonjezera coolant, n'kumaponda moto mpaka injini izungulire ka 2,500 pa mphindi ndi kusiya, thovu likucheperachepera.

Ena akaona galimoto ikuwira amathamangira kuchotsa thermostat. Ine zimenezo ndimakana. Injini yopanda thermostat ku Dedza mwezi wa June sifunda mokwanira, imamwa mafuta ambiri, ndipo vuto lenileni limakhala lili pomwepo.

Ndinadikira fani ya rediyeta iyake n'kuzima kawiri. Hita inayamba kuwomba mphepo yotentha, thovu n'kutheratu. Ndinazimitsa injini, itazirala ndinachotsa fanulo, n'kutseka, kenako ndinadzaza kachigubu kapambali kosungira coolant mpaka pamzere wa FULL. Ndinaiyesa pamsewu wa M1 kukafika ku Bembeke ndi kubwerako, muvi uli pakati osasuntha. M'mawa mwake madzi a m'kachigubu anali atatsika pang'ono, ndinangoonjezera.

Kwa inu thovu likamangotuluka osatha, makamaka mukaponda moto, ndiponso utsi woyera ukutuluka ku ekizozi injini itatentha kale, umenewo si mpweya wotsalira. Mwina gasiketi ya hedi yapsa. Zimitsani, galimotoyo ikaonedwe ndi makaniko musanakwere nayo chitunda china.